Debian, Mint, Fedora kapena Arch: kuno ku Zomba bandulo ndi magetsi nazo zimaponya voti

Chisiyireni Microsoft kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, anthu ondipeza ndi laputopu m'chikwama achuluka. Ambiri ndi ophunzira a ku Chirunga omwe amachita lendi ku Chikanda, ena ndi aphunzitsi, ena ali ndi timashopu tosindikizira zikalata m'tauni. Laputopu imakhala ija yogula kwa wina, ThinkPad kapena HP ya zaka 8 kapena 9, yoyenda bwinobwino koma Windows 11 ikuikana chifukwa cha purosesa yake kapena kusowa kwa kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Ndikatchula Linux, yomwe imayendetsa kompyuta m'malo mwa Windows ndipo ili ndi mitundu yambiri, funso limakhala limodzi: "Ndiye iti?" Akapita kukafufuza pa YouTube amabwerako mutu utazungulira, poti uyu akuti Debian ndi ya agogo, uyo akuti Arch ndi ya anthu ofuna kudzizunza.

Mkangano wonsewo wagona pa kusankha pakati pa Linux yosasinthasintha ndi Linux yolandira mapulogalamu atsopano nthawi zonse. Mbali zonse ziwiri ndinazigwiritsapo ntchito, ndipo sindibisa kuti ndili ndi mbali yanga.

Tiyambe takonza mawu akuti stable, chifukwa asocheretsa ambiri. A Debian akamati stable sakulonjeza kuti kompyuta yanu siidzaima. Akunena kuti zimene mwaika lero zikhala momwemo. Debian 12 inatuluka mu Juni 2023 ili ndi kernel (mtima wa Linux wolankhula ndi zipangizo za kompyuta) 6.1 ndi LibreOffice (yolembera zikalata ngati Microsoft Office) 7.4, ndipo amene akuigwiritsabe ntchito lero ali pa 6.1 ndi 7.4 yomweyo. Batani limene munalizolowera silisamuka. Zimene zimabwera ndi zigamba: pakapezeka bowo loti mbava zingalowerepo, a chitetezo a Debian amatenga chigamba chokhacho n'kuchisokerera pa pulogalamu yakaleyo, zina zonse osazikhudza. Choncho mukaona nambala yakale musaganize kuti chitseko chili pululu. Firefox yokha amaisamala mwapadera, amakupatsani ya mtundu wa ESR yomwe imakwera nambala pafupifupi kamodzi pachaka.

Debian inayambitsidwa ndi Ian Murdock mu 1993 ndipo mpaka lero imayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka. Yatsopano imatuluka pakatha zaka ziwiri kapena kuposerapo pang'ono (Debian 13 inatuluka mu Ogasiti 2025 ndi kernel 6.12), ndipo iliyonse imalandira zigamba kwa zaka pafupifupi 5. Ubuntu ndi mwana wa Debian. Anaiyambitsa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lakelo ndi lomwe ife timati umunthu. Pa Ubuntu pali msampha umene ndaona ukukola ophunzira kangapo konse. Imatuluka miyezi 6 iliyonse, mu Epulo ndi mu Okutobala, ndipo nambala yake ndi chaka ndi mwezi. Koma yokhalitsa, ya LTS, ndi yotuluka mu Epulo kamodzi pa zaka ziwiri, monga 2022 ndi 2024, ndiye 22.04 ndi 24.04, yosamalidwa zaka 5. Zapakatizo zimasamalidwa miyezi 9 basi. Munthu amaona nambala yaikulu n'kuitsitsa, chaka chamaphunziro chisanathe yafa kale. Linux Mint imamangidwa pa Ubuntu LTS yokhayo, ndiye msamphawu ilibe. Mint 22 ikusamalidwa mpaka 2029.

Tsidya linalo kuli Fedora, yothandizidwa ndi kampani ya Red Hat, yotuluka miyezi 6 iliyonse n'kusamalidwa pafupifupi miyezi 13. Kamodzi pachaka, mufune musafune, muyenera kukweza makina onse. Kupitirira apo ndi kwa Arch Linux, yomwe Judd Vinet anaiyamba mu 2002, ndi openSUSE Tumbleweed. Izi zilibe tsiku lotulukira. Pulogalamu ikangotuluka kwa eni ake, pakapita masiku ochepa yafika kwa inu, ndipo mawa kubweranso ina. Kukoma kwake kulipo ndithu. Zimene mwawerenga m'mawa kuti zatuluka mumazigwira ndi manja sabata yomweyo, ndipo Arch Wiki ndi buku labwino kwambiri moti ngakhale ife a Debian timakabwerekako nzeru.

Koma walira mvula walira matope. Amene amalimbikitsa Arch pa YouTube ambiri amakhala kumene intaneti ya m'nyumba amalipira kamodzi pamwezi n'kuiwala. Ife timawerenga ma MB. Pa makina a mtundu umenewu kernel, Firefox, LibreOffice ndi desikitopu yonse zimabwera mobwerezabwereza, ndipo kungokhala masabata awiri osapanga update mumapeza katundu wodikira amene angamalize bandulo ya sabata. Mungaganize kuti mungozisiya osapanga. Apa ndi pamene Arch imakugwirani pakhosi. Eni ake amanena poyera kuti kukweza pulogalamu imodzi n'kusiya zina sikuloledwa. Mwakhala mwezi osakweza, lero mukufuna kapulogalamu kakang'ono kotsegulira PDF. Seva ikuyankhani kuti mtundu umene kompyuta yanu ikuudziwa unachotsedwa kale. Kuti mupeze kakang'onoko muyenera kukweza zonse. Pa Debian kapena Mint mungathe mwezi wonse muli kumudzi ku Jali kopanda netiweki yabwino, pobwerako n'kuika pulogalamu imodzi yokhayo, zigamba n'kuzitsitsa tsiku limene mwapeza WiFi.

Za magetsi ndinaziphunzira ndi thukuta. Nthawi ina ndinali ndi imodzi mwa Linux zothamangazi pa laputopu yomwe batire lake linali litafa, yongoyenda chaja ili pakhoma. Ndinadikira bandulo yausiku, ndinayamba update cha m'ma 11 koloko. Kutsitsa kunatha bwino. Ili mkati moika, mzere wa kernel ukuyenda pa sikirini, magetsi thi! Nyumba yonse mdima, fani ya laputopu n'kukhala chete. M'mawa magetsi atabwera ndinaiyatsa, inangondionetsa mizere iwiri yoyera pa sikirini yakuda, yonena kuti sikupeza choyambira. Kernel yakale inali itachotsedwa, yatsopano isanakhazikike. Lipoti loti ndikapereke tsiku limenelo linali momwemo. Ndinayenda wapansi kukabwereka fulashi ya Linux kwa mnzanga ku Matawale, n'kukhala mpaka masana ndikukonza.

Ndinene chilungamo: magetsi akathima pakati pa update, Debian nayo ikhoza kuvulala. Kusiyana kuli pawiri. Debian, Ubuntu ndi Mint zimasunga kernel yakale pambali pa yatsopano, ndiye ina ikakana mumasankha inzake poyatsa. Fedora nayo imatero, ndipo Tumbleweed imajambula makina onse isanasinthe kanthu kuti muthe kubwerera. Kwinaku ndi kuchuluka kwa maulendo. Wowoloka Likangala nthawi ya dzinja kamodzi pamwezi ndi wowoloka m'mawa uliwonse sali pa ngozi yofanana, ngakhale mtsinje ndi womwewo.

Ena amati zatsopano ndiye zotetezeka. Zimene zinachitika mu Malichi 2024 zinasonyeza kuti nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Munthu wina amene anakhala zaka akudzionetsa ngati wothandiza anabisa khomo lachinsinsi mu xz, kapulogalamu kopanikiza mafayilo komwe kali pafupifupi mu Linux iliyonse, m'mitundu ya 5.6.0 ndi 5.6.1. Andres Freund ndiye anazitulukira, ataona kuti kulowa kudzera pa SSH, njira yolowera mu kompyuta uli patali, kukuchedwa ndi theka la sekondi. Mitundu yoipayo inali itafika kale ku Debian testing ndi unstable (zoyeserera zimene zisanafike pa stable), ku Fedora yoyeserera ndi ku Tumbleweed. Debian 12 ndi Ubuntu 22.04 sizinakhudzidwe, chifukwa zinali zikadali pa xz yakale. Komabe tisaiwale kuti Freund anaona zimenezi chifukwa iye mwini ankagwiritsa ntchito Debian unstable. Anthu oyenda patsogolowa ndi amene amaponda minga ife tisanafike, ndipo ndimawalemekeza. Chimene ndimakana ndi kuika mayi wosindikiza zikalata pamzere wakutsogolowo asakudziwa.

Mayi ameneyu alipodi, ali ndi kashopu ku Chinamwali. Nditayamba kuwafotokozera za mitundu yonseyi anandidula pakamwa. "Achimwene, ine zimenezo sindizitsata. Ndikufuna pulinta isindikize Lolemba monga inasindikizira Loweruka." Ndinawaikira Mint ya Xfce, yopepuka pa makina a RAM ya 4 GB, ndi kuyatsa Timeshift kuti china chikalakwika tibwerere pa dzulo. Masabata amene ophunzira amadzaza pakhomo ndi ma assignment, iwo saganizako za kompyuta, amaganiza za mapepala ndi inki.

Pali malo awiri pamene zosasinthasintha zimagonja, ndipo apa sindingaziikire kumbuyo. Oyamba ndi makina atsopano. Mu Linux madiraivala ambiri amakhala mu kernel momwemo. Achibale akakutumizirani laputopu yongotuluka kumene kuchokera ku Johannesburg, kernel ya zaka ziwiri zapitazo ikhoza kulephera kuona WiFi yake, kapena sikirini n'kumaphethira. Pamenepo Fedora ndiye yankho lachangu, ndipo ndimaiika mosanyinyirika. Ubuntu LTS nayo ili ndi njira yake, imabweretsa kernel yatsopano ya HWE m'kati mwa zaka zake, pomwe Debian ili ndi backports, nkhokwe ya pa intaneti yotsitsako mapulogalamu atsopano, yomwe muyenera kuitsegula nokha. Kuti muitsegule mufunika intaneti, WiFi ilibe, ndiye lumikizani foni ndi chingwe cha USB n'kuyatsa tethering. Zimenezi zimagwira pafupifupi pa Linux iliyonse.

Achiwiri ndi chida chimene mumadyerapo. Wophunzira amene akujambula mapu a dambo la Chilwa pa QGIS, kapena wowerengera ziwerengero pa R, amakumana ndi vuto lenileni: aphunzitsi akuonetsa batani limene mu QGIS yake mulibe, kapena phukusi la R likukana kulowa chifukwa likufuna R yatsopano kuposa 4.2 ya mu Debian 12. Ambiri akafika apa amafufuta zonse n'kuthawira ku Arch, pomwe chosowa chinali pulogalamu imodzi. A QGIS ali ndi nkhokwe yawoyawo ya Debian ndi Ubuntu, a R nawonso ali nayo ku CRAN. Mumaionjezera kamodzi, pulogalamu imeneyo yokha n'kumayenda ndi nthawi, maziko ali phee. Mapulogalamu ena ambiri ali pa Flathub, nkhokwe ya mapulogalamu otchedwa Flatpak oyenda pa mitundu yambiri ya Linux, ngakhale ndichenjeze kuti Flatpak yoyamba imakoka katundu wolemera, ma MB mazanamazana, chifukwa imabwera ndi maziko akeake. Yoyambayo itsitseni pa WiFi. Chimene musachite ndi kuthira nkhokwe ya Debian testing mu stable kuti mupeze zatsopano. Zimaoneka ngati zayenda sabata yoyamba, kenako zimakangana, ndipo kuzilekanitsa n'kovuta kuposa kuyambiranso.

A Ubuntu dziwaninso kuti mapulogalamu a snap, njira ya Ubuntu yofanana ndi Flatpak, amadzikweza okha osakufunsani. Mukalumikiza hotspot ya foni bandulo ikhoza kupita muli chiwerengere. Lamulo la snap refresh --hold limaimitsa zimenezi mpaka mutafuna nokha. Mint inatseka snap kuyambira pa Mint 20, ndipo chimenechi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene ndimaikondera kwa ongoyamba kumene.

Chinthu china chimene a kunja sachiwerengera ndi fulashi yoyenda m'manja. Mint ndi pafupifupi 3 GB, Ubuntu 24.04 pafupifupi 6 GB. Mmodzi akatsitsa, hositelo yonse yaikirapo, ndipo fulashiyo ikhalabe yaphindu chaka chamawa. Arch imafuna intaneti pa nthawi yoika, munthu aliyense payekhapayekha. Komanso nonse mukakhala pa mtundu umodzi, vuto la mmodzi limakhala loti wina analithetsa kale, ndipo wokuthandizani ali chipinda chachitatu kuchokera panu.

Wophunzira za makompyuta amene akufuna kudziwa mmene Linux imalumikizirana mkati, Arch aiike ndithu, adzaphunzira zambiri pa sabata imodzi kuposa pa temu yonse ya Mint. Koma aiike mu VirtualBox, pulogalamu yopanga kompyuta yoyerekezera mkati mwa yeniyeni, kapena pa makina achiwiri, osati pa laputopu imene muli dissertation yake mwezi wopereka. Seva ya pa ofesi, ya pa sukulu kapena ya pa chipatala, imeneyo ndi ya Debian kapena Ubuntu LTS, ndipo pamenepo sindikambirana ndi munthu.

Pa laputopu yanga pano pali Debian 13, QGIS yochokera kwa eni ake, ndi mapulogalamu awiri a Flatpak. Batire ndinagula lina ndisanachite china chilichonse. M'thumba la chikwama mumakhala mafulashi awiri, ya Mint ya anthu ambiri ndi ya Fedora ya amene abwera ndi makina onunkhira m'katoni. Mayi a ku Chinamwali aja ndinawalembera pa kapepala n'kumata pansi pa kiyibodi kuti tidzakweze makina awo 2029 isanafike.