Masoketi a GFCI kukhitchini, patha chaka tsopano

Achimwene ena akutchalitchi kwathu kuno ku America akukonzetsa khitchini, ndiye anandifunsa ngati ma GFCI ndinaikitsa chaka chatha aja akugwira bwino. Ndati ndingolemba pano enanso amve nawo.

Amene simukuwadziwa, ndi masoketi aja okhala ndi timabatani tiwiri pakati, TEST ndi RESET. Magetsi akangoyamba kuthawira kwina, kaya m'madzi kaya m'thupi la munthu, ngakhale pang'ono ngati 5 mA, soketiyo imadula yokha. Malamulo a zamagetsi a kuno ku America, otchedwa NEC, amati masoketi onse apakauntala atetezedwe chonchi, komanso pakhale ma circuit (mizere ya magetsi) osachepera awiri a 20 amp. Inspekita anabwera nkusaina. Ketulo, microwave, blender zonse zili bhobho.

Mutu wandipweteka ndi firiji. Mmisiri amene ndinamulemba ntchito anaika GFCI imodzi koyambirira, masoketi enawo nkuwalumikiza mbali yolembedwa LOAD kuti imodziyo iteteze onse, ndipo ya kuseri kwa firiji inali mgulu lomwelo. Ndiye GFCI ija inayamba kutripa (kudula magetsi yokha) usiku, osati daily ayi, imatha kukhala sabata osavuta kenako basi phi. Tsiku lina tabwera ku ulendo wa weekend tapeza madzi ali ponseponse pansi, nyama ya mbuzi yomwe tinasunga mu freezer yafewa yayamba fungo, mayi akunyumba anangogwira m'chiuno osayankhula kanthu. Yonse tinakataya.

Ndinamuimbira mkulu uja, wabwera, sanayeze kalikonse, wangoti soketi ndi yakufa, wasintha, nkundilipiritsa 150 dollars pa ntchito yomwe anagwira yekha ndipo anati ili ndi waranti. Sipanatenge nthawi yatripanso. Kuyambira pamenepo foni sayankha. Nthawi imeneyo ndikanakuuzani kuti GFCI ndi kutaya ndalama chabe.

Mmisiri wachiwiri ndi amene anakoka firiji nkuyeza ndi mita. Anapeza kuti kahita kosungunula ayezi mu freezer kanali katawonongeka, ndiye kakayaka pali chinyezi magetsi amathawira ku chitsulo cha firiji. Kutanthauza kuti soketi ija sinkanama, ndipo ana anga amatsegula firiji imeneyo opanda nsapato tsiku ndi tsiku, thupi linachita tsembwe nditamva. Ndinamufunsa ngati tingangoika firiji pa soketi wamba, anakana, akuti NEC ya 2023 ikufuna GFCI pa masoketi onse a m'khitchini ndi ya firiji yomwe, ngakhale ma state ena akadali pa malamulo akale. Anangoipatsa firiji circuit yakeyake, RESET yake pamalo ofikirika. Hita tinasinthitsa, chisinthireni sinatripenso.

Soketi yokha siidula, ndinagula cha m'ma 20 dollars, ndipo ndikhoza kugulanso mawa. Zandidyera ndalama ndi nyama ija, amisiri awiri, ndi hita. Wofuna kulemba mmisiri, waranti ikhale papepala musanapereke ndalama. Uja wa 150 dollars ndamulembera kalata, akapanda kubweza mwezi uno ndikukadandaula ku ofesi yomwe inamupatsa laisensi.