Football GM: gemu ya manambala okhaokha koma mbiri ya Cleveland Curses yanga yandigwira

Ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5, imodzi ndachotsayo ndifotokoza kumunsiku kuti yapita kuti. Football GM ndi gemu ya mpira wa ku America, uja amasewera atavala zisoti ndi zotchinga m'mapewa kumagwetsana pansi, osati wathu wa miyendowu. Ndi yaulere, umangoitsegula pa bulawuza ya foni kapena laputopu nkuyamba ligi yako, ndipo opanga ake ndi omwe aja a Basketball GM, alinso ndi ya baseball ndi ya hockey, zonse pansi pa dzina la ZenGM. Koma ndikuchenjezeni kaye anzanga, muno simuthamanga ndi mpira, palibe zodina mabatani kuti wosewera adumphe kapena aponye, inu ndinu general manager basi, ntchito yanu ndi kusankha anyamata pa draft (mwambo wa chaka ndi chaka pomwe matimu amasinthana kusankha osewera atsopano), kusainitsa makontilakiti, kusinthanitsa osewera ndi matimu ena, kuyang'anira bajeti, nde kompyuta imasewera magemuwo yokha nkukubweretserani zotsatira. Amene munakulira pa Football Manager mwamva kale komwe ndikupita, kungoti iyi ndi yopepuka zedi, sizoni yathunthu umatha kuimaliza usiku umodzi.

Kwa amene mpira umenewu sunakulowenibe m'mutu, zofunika kudziwa ndi zochepa. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi, amati ma down, kuti isunthe mayadi 10, ikakwanitsa imayambiranso kuwerenga, ikakanika mpira wapita kwa anzawo. Kufika nawo kumapeto kwa bwalo ndi touchdown, mapointi 6, kuumenya pakati pa mitengo ndi field goal, mapointi 3. Wofunika kuposa onse ndi quarterback, amene amaponya mpira uja, ukakhala ndi wabwino umagona tulo, ukakhala ulibe ngakhale ena onse akhale akatswiri umangozunzika. Chomwe chimatidabwitsa ife ozolowera Super League ndi Premier League nchakuti kulibe zotuluka mu ligi, timu yathera pansi siipita kulikonse, m'malo mwake ndi imene imayamba kusankha pa draft ya chaka chotsatira. Ku NFL yeniyeni, ligi yaikulu ya mpirawu ku America ya matimu 32, zili choncho, ndipo gemuyi yatengera zomwezo pamodzi ndi salary cap, malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi, kuti olemera asamangogula aliyense amene wawala.

Matimu a mu gemu si a NFL enieni, mayina ake ndi opeka komanso oseketsa, kuli Baltimore Crabs, kuli Philadelphia Cheesesteaks, ine ndinatenga Cleveland Curses. Dzinalo akunyogodola nalo anthu a ku Cleveland chifukwa mzinda umenewu unakhala kuchokera 1964 mpaka 2016 osaona chikho chachikulu, mpaka LeBron James ndi Cavaliers anawapukuta misozi ku basketball. Timu yawo yeniyeni ya mpirawu, Cleveland Browns, mbiri yake imamvetsa chisoni. Inayamba kusewera 1946 nkutenga zikho zonse zinayi za ligi ya AAFC, italowa mu NFL inawinanso 1950, 1954, 1955 ndi 1964, kuchoka apo zii, Super Bowl, fainolo ya NFL, sinapondeko ngakhale kamodzi. Mwini wake Art Modell ananyamula timu kupita nayo ku Baltimore komwe inasanduka Ravens mu 1996, dzina, mitundu ya jezi ndi mbiri zinatsalira anthu a ku Cleveland mpaka timu inabwereranso 1999, ndipo a Ravens aja atenga kale Super Bowl kawiri pomwe eni ake mbiri mu 2017 analuza magemu onse 16 osawina olo imodzi. Nde ine ndinati chabwino, tione ngati munthu wa pa foni angathe zimene mabwana enieni zikuwakanika kkkk.

Masizoni oyamba anali a misozi. Timu ndinaipeza yodzadza ndi madala a makontilakiti onenepa, anthu odutsa zaka 30 amene mphamvu zikuwathera chaka ndi chaka. Wosewera aliyense amakhala ndi manambala awiri amene umayang'ana koyamba, ovr yosonyeza mmene alili panopa ndi pot yosonyeza pomwe angafike akakula, ndipo madala angawa ovr ndi pot zinali zofanana, kutanthauza kuti kutsogolo kulibe china koma kutsika. Ndinawagulitsa pafupifupi onse kusinthanitsa ndi ma pick, mipata yosankhira osewera pa draft. Zotsatira zake mukudziwa kale, kuluza mlungu ndi mlungu, hype, chidwi cha anthu pa timu, kugwa, anthu kusiya kubwera ku sitediyamu, ndalama za matikiti kuchepa. Kumapeto kwa sizoni iliyonse bwana mwini timu amakutumizira uthenga, amayang'ana zinthu zitatu, mawini, ma playoffs (magemu ochotsana a kumapeto kwa sizoni) ndi ndalama, poyamba amakupirira koma mpata umenewo ukatha amakuchotsa ntchito ndithu nkukayamba kwina ku timu ina yovutika. Ine mauthenga ake ndinkawerenga mtima uli m'mwamba ngakhale ndikudziwa kuti ndi kompyuta chabe ikulemba.

Apa nde pomwe gemu inandionetsa kuti ili ndi nzeru. Titathera pansi penipeni tinapeza pick yoyamba ndipo ndinatenga quarterback amene aliyense akanamutenga, pot yake inali kumwamba. Koma manambala amene umaona asanalowe mu timu si enieni ndendende, amakhala osokonezedwa pang'ono malingana ndi ndalama zimene waika ku scouting, komanso pot ndi lonjezo chabe, ena amafikapo ena ayi. Mnyamata uja anakula pang'ono nkuima, kenako kuvulala, kenako kumangoponyera mpira adani. Amene anadzanyamula timu anali quarterback wina amene ndinangomutola kuma round omaliza kuti akhale pa benchi, chaka chilichonse ovr yake kumangokwera mwakachetechete mpaka ndinamuika pamwamba pa depth chart, mndandanda wa amene ayambe kusewera ndi amene akhale pa benchi. Wina anganene kuti zimenezo ndi za mu gemu basi, koma quarterback Tom Brady wa ku NFL yeniyeni anasankhidwa pa nambala 199 mu round yachisanu ndi chimodzi pa draft ya 2000 ndipo anamaliza ali ndi ma Super Bowl 7, nde ine sindinadandaule kuti gemu ikunama.

Zaka zotsatira zinali zokoma. Anyamata onse aja ndinawatola ndi ma pick a madala anakhwima nthawi imodzi, akadali pa makontilakiti otchipa a achinyamata, defense kumagwetsa ma quarterback a anthu, receiver wathu wamkulu, uja amawakha mpira woponyedwa ndi quarterback, kumagwira chilichonse. Tinalowa ma playoffs, chaka choyamba kutuluka msanga, chotsatira kufika fainolo nkuluza ndi field goal ya kumapeto, ndipo gemu imeneyo ndinaionera pa live, pomwe gemu imakulembera play iliyonse mmodzimmodzi, nde tangoganizani munthu wamkulu ndithu akukuwira mawu olembedwa pa sikilini. Chaka chinacho tinatenga chikho. Sindinama, ndinasangalala kuposa mmene zimayenera kukhalira.

Kenako salary cap inabwera kudzatenga zake, ndipo kwa ine apa ndi pomwe gemuyi imaposa zambiri zomwe ndasewerapo. Makontilakiti otchipa aja anatha onse pafupifupi nthawi imodzi, quarterback akufuna ndalama zake zoyenera, achitetezo awiri akufunanso, receiver akufunanso, ndipo malire salola. Zimakhala ngati mphika umodzi wa nsima alendo atachuluka, wina adya ndithu koma wina abwerera. Osewera alinso ndi mood yawo, ena amakonda ndalama, ena kutchuka, ena kuwina, ena ndi okhulupirika ku timu, ndipo amene sanasangalale amakana kusaina ngakhale uli ndi ndalamazo. Ndinasunga quarterback, receiver uja anapita ku free agency, komwe wosewera wopanda kontilakiti amasaina ku timu imene wafuna, ndipo mwa matimu onse a mu ligi anakasaina ku Baltimore Crabs. Ku Baltimore abale! Sizoni yomweyo tinakumana nawo mu ma playoffs ndipo ndi iyeyo anatigoletsa touchdown imene inatitulutsa. Palibe munthu analemba nkhani imeneyi, inangotuluka yokha mu manambala, koma aliyense wodziwa za Modell akanaseka mpaka kugwa.

Tinadzatenganso chikho china quarterback wathu atayamba kukalamba, nthawi imeneyo timu inali yosiyana kwambiri, ya kuthamanga ndi mpira ndi defense, iye kumangoyendetsa zinthu mwaukadaulo. Atasiya mpira analowa mu Hall of Fame ndipo nambala ya jezi yake ndinaipumitsa kuti wina asadzavalenso, mmene a Browns enieni anachitira ndi 32 ya Jim Brown ndi 14 ya Otto Graham. Pambuyo pake tinagwanso, zaka zingapo za pakatikati, osati abwino osati oipa, zomwe mu ligi ya mtunduwu ndi zoipitsitsa chifukwa chikho sutenga ndipo pick yapamwamba supezanso.

Chomwe chandisunga pa gemuyi mpaka pano ndi peji ya team history. Chilichonse chimasungidwa, sizoni iliyonse mawini ndi maluzi, pomwe munathera mu ma playoffs, zikho, majezi opumitsidwa, osewera onse amene anavalapo jezi yanu. Umatha kudina dzina la munthu amene anasiya mpira zaka 20 zapitazo za mu gemu nkuona ntchito yake yonse, matimu amene anadutsamo, mphoto zake. Kuli gawo lina amati Frivolities lomwe ndi lotayitsa nthawi mokoma, muli matimu abwino ndi oipa kwambiri m'mbiri ya ligi, mabanja a osewera, mpaka imfa zadzidzidzi chifukwa eee, mu gemu imeneyi wosewera amatha kumwalira akadali pa ntchito ngakhale sizichitika kawirikawiri. Za mabanjazi nzomwe zinandimaliza, tsiku lina ndikuyang'ana anyamata a draft ndinaona dzina lodziwika, kudina, ndi mwana wa receiver uja anatithawira ku Baltimore. Manambala ake sanali apamwamba kwenikweni koma ndinamutenga basi, nkhani inafuna choncho.

Tsopano nyenyezi ija. Choyamba simungasankhe ma play pa nthawi ya gemu, mumakonza depth chart nkusiya zonse m'manja mwa kompyuta, nde pomwe timu yanu yasankha kumenya mpira kutali pa down yachinayi inu mukufuna ayese mwayi, mumangoyang'ana. Amene mukufuna kuona osewera akuthamanga pa sikilini, imeneyo ndi gemu ina yotchedwa Madden, kuno mukhumudwa. Chachiwiri pa foni matebulo ake ndi otambalala, mpira umenewu uli ndi ma position ambirimbiri, QB, RB, WR, TE, OL, DL, LB, CB, S, K, P, aliyense ndi manambala akeake, nde chala chimatopa ndi kukokera kumanja kumanzere, pa laputopu nde bwino kwambiri. Zonse zili mu Chingerezi komanso mu mawu ofupikitsa, ngati ndinu watsopano masiku oyamba mukhala mukufufuza kuti ichi nchiyani. Pamakhalanso zotsatsa malonda pokhapokha mutalipira, koma pa chinthu chaulere ine zimenezo sindiwerengera. Ndipo mukazolowera kusinthanitsa osewera, pali batani lomwe umafunsa timu inayo kuti ikufuna chani kuti dilu itheke, mudzaona kuti pa mulingo wa kavutidwe wa Normal zimayamba kuphweka, kwezani pa Hard kapena Insane kuti bwana mwini timu akuvuteni bwinobwino. God Mode iliponso yoti usinthe chilichonse mmene ukufunira koma ine sindiyatsa, chikho chopanga wekha sichikoma.

Pa nkhani ya bandulo nde ndi mnzathu, ikangotsegula siidya data yambiri chifukwa magemu onse amawerengedwa pa foni kapena kompyuta yanu yomweyo. Koma pomwepo palinso chenjezo lalikulu, ligi yanu imasungidwa mu bulawuza ya chipangizo chanucho, osati kwinakwake pa intaneti, nde mukafufuta data ya bulawuza kapena foni ikatayika mbiri yonse yapita nayo. Pali Export, gwiritsani ntchito pafupipafupi, sungani fayiloyo pena, ndi yomweyo mungasamutsire ligi ku chipangizo china. Ofuna mayina enieni a NFL, okonda gemuyi amapanga mafayilo awo a roster amene umatha kulowetsa poyamba ligi, koma ine ndimakonda anthu opekawa, ukamayamba sukhala ndi wokondedwa, amene umadzawakonda ndi amene achita zinthu uli kuona.

Panopa a Curses anga ali pa zomanganso, ndagulitsa achitetezo awiri okalamba ndipo ndili ndi ma pick awiri mu round yoyamba. Mwana wa receiver uja akadali nafe, kontilakiti yake ikutha sizoni ino, mood yake ikuonetsa kuti ndi wokonda ndalama, ndipo a Baltimore malo pa cap yawo alipo ambiri.