Subwoofer pa wayilesi yobwera ndi galimoto: mmene zilili patapita miyezi

Zida zake ndi izi: wayilesi yomwe inabwera ndi galimoto, yopanda potulukira RCA (polumikizira ampulifaya), subwoofer (sipika ya besi) ya mainchesi 12 yokhala ndi makoyilo awiri a 4 ohm, olumikizidwa kuti akhale 2 ohm, ampulifaya ya class D ya 500 W RMS, ndi kabokosi ka LOC kotenga mawu pa mawaya a masipika akumbuyo n'kuwapereka ku ampulifaya. Patapita miyezi yambiri zikulira tsiku lililonse, ampulifaya ndi sipika zilibe vuto. Zambiri zomwe zavuta zavutira polumikiza mawaya.

Choyamba kufooka ndi waya wa earth, wolumikiza ampulifaya ku chitsulo cha galimoto. Poika, penti imapalidwa kuti waya ukhudze chitsulo, koma malowo akasiyidwa poyera, chinyezi cha m'buti chimabweretsa dzimbiri pansi pa bawuti. Mumayamba kumva kulira kopyapyala komwe kumakwera mukaponda mafuta, kenako ampulifaya imazima yokha besi ikagunda kwambiri. Ambiri amathamangira kunena kuti ampulifaya yapsa, chonsecho ayi. Yezani ndi multimeter (choyezera magetsi) nyimbo ikulira: injini ikamayenda, pa batire pamakhala 13.8 mpaka 14.4 V, ndipo pa ampulifaya pasasiyane ndi pa batire kuposa theka la volt. Pakatsika kwambiri, masulani waya wa earth, palaninso mpaka chitsulo chiwale, mangani zolimba, kenako pakani girisi kapena penti pamwamba. Wayayo usapitirire masentimita 45, ndipo ukhale wonenepa mofanana ndi wochokera ku batire.

Tizolumikizira topana waya osaudula, tija timatchedwa T-tap, n'tofulumira poika koma m'galimoto sitikhalitsa. Kugwedezeka kumatimasula, besi n'kumabwera n'kumapita mukadutsa m'mabampu. Kuwotcherera ndi solder n'kuphimba ndi heat shrink (kachubu kofota kakatenthedwa) ndiye kumathetsa nkhani. Pokonzansopo samalani: mukatembenuza + ndi − mbali imodzi yokha, mawu akumanzere ndi akumanja amafafanizana, besi n'kuchepa ngakhale sipika ikuoneka kuti ikugwedezeka. Poyesa, pititsani balance mbali imodzi. Besi ikakula, ndiye kuti mbali ina yatembenuzidwa.

Waya wa magetsi wochokera ku batire, wa saizi 4 AWG wa mkuwa weniweni, sukutentha ndipo ukadali woyera kumapeto. Wa CCA, womwe ndi aluminiyamu wokutidwa mkuwa, ndi wotchipa, koma pafupi ndi batire umachita ufa woyera n'kumathothoka. Ampulifaya ngati iyi imakoka pafupifupi 45 A ikamalira mwamphamvu, choncho fyuzi ya 60 A yakwanira, yoikidwa osapitirira masentimita 45 kuchokera pa batire. Fyuziyi imateteza waya kuti galimoto isayake moto. Muzisuzumiranso pomwe waya umaboolera kuchokera ku injini: labala wa pabowopo akasuntha, chitsulo chimadya chikopa cha waya pang'onopang'ono.

Chokhumudwitsa chenicheni chili m'wayilesi momwemo. Mawayilesi ambiri obwera ndi galimoto amachepetsa okha besi voliyumu ikamakwera, pofuna kuteteza masipika ang'onoang'ono a m'zitseko. LOC wamba imangopereka zomwe yalandira, ndiye subwoofer imamveka bwino voliyumu ili pakati, mukakweza n'kumazilala. Apa m'pomwe anthu amapotokola gain (chosinthira mphamvu ya mawu olowa mu ampulifaya) mpaka kumapeto, koyilo n'kuyamba kununkha. Gain si voliyumu. Chotsani sipika, ikani kaphokoso koyesera ka 50 Hz, voliyumu ifike magawo atatu mwa anayi, kwezani gain mpaka multimeter ionetse pafupifupi 31.6 V AC pomwe sipika imalumikizidwa pa ampulifaya, chomwe ndi chiwerengero cha 500 W pa 2 ohm. Low-pass, sefa yolola mawu a besi okha kudutsa, ikhale pa 80 Hz. Kubwezeretsa besi yodulidwayo kumafuna LOC yoyendera magetsi yokhala ndi chokonzera besi, monga AudioControl LC2i. Ndalama yowonjezerayo siyotaya ayi.

Galimoto zina zili ndi timaikolofoni ta ANC tochepetsa phokoso la injini. Mawu omwe ANC imatumiza ku masipika amaloweranso mu subwoofer, n'kumveka kung'ung'udza ngakhale nyimbo yazimitsidwa. Mankhwala ake ndi kuzula timaikolofonito kapena kuzimitsa ANC.

Kuyatsa ampulifaya pongomva mawu pa mawaya a sipika kwagwira ntchito, koma nthawi zina imadzuka ndi kabelu ka chitseko, ndipo imachita "phu" pozima. Waya wa remote (woyatsira ampulifaya) wotengedwa pa fyuzi ya ACC, yomwe imalandira magetsi mukatembenuza kiyi, ulibe zimenezi, komanso sungakuphereni batire galimoto ikaima masiku angapo. Kuphethira kwa nyali besi ikagunda kunachepa earth itakonzedwa, popanda kugula capacitor (chosungira magetsi). Zomangira za pa ampulifaya zimamasuka zokha chifukwa cha kugwedezeka, choncho miyezi ingapo iliyonse muzizimanganso, mutachotsa kaye waya wa − pa batire.