Things Fall Apart kapena Animal Farm, muyambe liti?

Ngati mumakonda buku lonong'oneza zakutsogolo, tengani Things Fall Apart la Chinua Achebe la 1958. Dzombe likutera ku Umuofia, dera lomwe nkhaniyi ikuchitikira, anthu nkumasangalala kuti ndiwo zapezeka, osadziwa kuti azungu adzafikanso choncho, ochepa kaye kenako chigulu. Ndiye Okonkwo, mwini nkhani m'bukuli, moyo wake onse ankathawa manyazi a bambo ake Unoka koma mapeto ake anadzimangirira, anthu akwawo osaukhudza ndi mtembo omwe, pamenepa zimandipweteka zedi.

Animal Farm la George Orwell la 1945 ndi lalifupi koma limafuna mudziwe kaye mbiri ya Russia kuyambira 1917. Mukapanda kudziwa kuti nkhumba yotchedwa Napoleon ikuimira Stalin, ina yotchedwa Snowball ikuimira Trotsky (atsogoleri a ku Russia nthawi imeneyo), muziona ngati nthano ya nkhumba basi. Ine ndingati yambani la Achebe.