Kugula nyumba ku Kasungu: malangizo a pakamwa kapena lipoti lolembedwa?

Musanapereke ndalama, mutha kuitana mmisiri kuti ayendere nanu nyumbayo n'kukuuzani pakamwa zomwe waona, kapena kulipira katswiri wovomerezeka kuti alembe lipoti.

Njira ya pakamwa ndi yotchipa, imatha tsiku lomwelo, ndipo mafunso mumafunsa pomwepo. Mmisiri wodziwa amagogoda pulasitala kuti amve ngati yafufuma, amabaya mitengo ya denga ndi msomali kufufuza chiswe, kenako amayang'anitsitsa ming'alu. Mng'alu wopyapyala ngati tsitsi kawirikawiri ndi wa pulasitala chabe. Wopendekeka, wochokera pakona ya windo, woti ndalama yachitsulo n'kulowamo, ukunena za maziko, makamaka pa nyumba zoyandikana ndi dambo. Pitani mu Januwale kapena Febuluwale mvula ili mkati: malata odontha ndi chinyezi chokwera m'khoma sizibisika, ngakhale mwiniwake atapaka laimu dzulo.

Koma banki sipereka ngongole pomvera mawu a mmisiri, ndipo khoma likadzagwa mulibe umboni. Chenjeraninso ndi mmisiri amene akusirira ntchito yokonzayo, amakuza vuto.

Lipoti limadula, limatenganso masiku, komabe pa ngongole kapena mkangano wa chuma cha masiye ndi lomwe limamveka. Mukasankha za pakamwa, jambulani pafoni paliponse pomwe mmisiri waloza.