Thireyi ya pabafa patatha miyezi 10: mlombwa, guluu ndi vanishi

Chaka chatha mu Okutobala, dzuwa la kuno ku Mangochi likuswa mtengo, ndinakhoma mathireyi awiri opingasa pamwamba pa bafa logonamo, oikapo sopo, chinkhupule ndi kapu ya tiyi. Imodzi inali yanga, inayo ya achemwali anga amene ali ndi nyumba yogona alendo m'mbali mwa nyanja. Dzinja ladutsa, mwera nawo wadutsa, tsopano ndingathe kunena zomwe ndaona.

Yanga ndinapanga ya mlombwa, ya achemwali ya paini chifukwa ndalama zinali zochepa. Mlombwa ukauma bwino sufufuma kapena kunyala kwambiri chinyezi chikasintha, ndipo mpaka lero thireyi yanga imakhala pabafa osagwedera. Ya paini inayamba kupindika mu Febuluwale, mvula ili pakati, ngodya imodzi n'kudzuka.

Koma chimene chinaipha si paini ayi, ndi guluu. Ndinamata ndi guluu woyera wamba, uja timamatira mipando ya pabalaza. Ameneyu akamanyowa kawirikawiri amafewa, ndipo pofika Malichi timatabwa tiwiri tinali titamatuka. Pogula guluu muziyang'ana pabotolo. Akalemba D2, ameneyo ndi wa malo ongonyowa mwa apo ndi apo. D3 amapirira madzi omwazikira ndi nthunzi, pomwe D4 amapirira kunyowa kwa nthawi yaitali. Pa yanga ndinaika D4 n'kupana ndi makalampu usiku wonse, ndipo palibe polumikiza pamene patseguka. Botolo lake ndi lodulirapo, koma thireyi imodzi imangodya masupuni ochepa.

Pa vanishi ndinalakwitsa pa zonse ziwiri. Pamwamba ndinapaka vanishi ya maboti katatu, ndikukwecha ndi sandipepa yosalala ikauma, koma kumapeto kwa matabwa, kumene kunadutsa sowo, ndinangopaka kamodzi. Bambo ena achikulire okhoma maboti atayiona anandiuza kuti madzi amalowera kumeneko, chifukwa ndi kumene mitsempha ya mtengo ili yotseguka. Zinachitikadi. Ngakhale mlombwa unada kumapetoko, vanishi n'kuyamba kusupuka ngati khungu la njoka. Vanishi ikang'aluka pang'ono, madzi amalowa pansi pake n'kusowa potulukira, nkhungu n'kumera. Ndinakwecha, ndinasungunula vanishi yopaka koyamba ndi thinala kuti thabwa limwe, kenaka ndinapaka kasanu. Chikonzereni, banga silinabwerenso.

Masikuluu achitsulo wamba anachita dzimbiri n'kudetsa paini. Abwino ndi osachita dzimbiri aja, kapena zikhomo za mtengo.

Chimene ndinachita bwino ndi kusiya mpata wa mamilimita 8 pakati pa timatabwa. Madzi sadikha, ndipo mukatha kusamba n'kuimika thireyi kukhoma, imauma msanga. Alendo a achemwali ankaisiya pabafa sopo wonyowa ali pompo, ndipo ndikukhulupirira kuti zimenezi zinafulumizitsa kuwonongeka kwake.

Sabata yatha ndawakhomera achemwali ina ya mbawa, popeza mlombwa wouma bwino ukusowa ndipo sindifuna matabwa ozembetsa m'nkhalango zathu. Ndamata ndi D4, kumapeto ndapaka kasanu, ndipo pansi ndamatako timphira tinayi kuti thabwa lisamagone m'madzi a m'mphepete mwa bafa.