Pulogalamu ya a Jaw Shaw-kong pa TVBS: ndiyabwino, bola mudziwiretu mbali yomwe ali

Kwa inu amene mumatsatira nkhani za Taiwan ndi China, pulogalamu ya a Jaw Shaw-kong pa TVBS, kanema wa ku Taiwan, ija amaitcha Shaokang Zhanqingshi, ndi imodzi mwa zomwe ndingakulimbikitseni kuti muziwonera, ili pa YouTube ndipo siyolipira, bandulo yanu basi. Koma ndineneretu, mkuluyu si woyimbira mpira, ndi wosewera, ndipo jezi yake ndi ya buluu, mtundu wa chipani cha Kuomintang (KMT) cha ku Taiwan.

Mmene imakhalira ndi chonchi: a Jaw amakhala ndi alendo angapo, aphungu, atolankhani, nthawi zina akuluakulu omwe anapuma ku usilikali, nkumakambirana zomwe zachitika tsiku limenelo. Pa sikirini pamakhala podzadza, mitu ya nkhani zilembo zikuluzikulu, manambala a kafukufuku wa zisankho, mapu a nyanja yolekanitsa Taiwan ndi China, poyamba maso amatopa ndithu koma umazolowera. Chomwe chimandikoka ine ndi mafunsidwe awo. Mlendo akayamba kuzungulirazungulira amamudula pomwepo nkumubweza pa funso, ndalama zake zingati, zichokera kuti, avomereze ndani ku nyumba ya malamulo. Umaona kuti munthuyu zinthuzi anazigwirapo ndi manja, sakuchita kuwerenga papepala lomwe wina wamulembera.

Ndipo anazigwiradi. Anabadwa mu 1950, anaphunzira za uinjiniya ku National Taiwan University kenako ku Clemson ku America, atabwerera analowa ndale mu chipani cha Kuomintang, anakhala khansala ku Taipei, kenako phungu, mpaka mu 1991 anapatsidwa kutsogolera bungwe la boma loona za chilengedwe. Mu 1993 iwo ndi anzawo anatuluka mu KMT chifukwa chosagwirizana ndi utsogoleri wa a Lee Teng-hui, omwe anali pulezidenti wa dziko ndi wa chipanicho, nkuyambitsa chipani cha New Party. Chaka chotsatira anapikisana nawo pa umeya wa Taipei, anapeza mavoti pafupifupi 30 peresenti, anaposa meya wa KMT yemwe anali pampando koma anagonja kwa a Chen Shui-bian, omwe aja anadzakhala pulezidenti mu 2000 nthawi yomwe ife kuno tinali pa ubale ndi Taiwan, chipatala chachikulu cha Mzuzu chija ndi cha nthawi imeneyo, a Bingu asanatembenukire ku Beijing kumapeto kwa 2007. Atagonja choncho ambiri akanangokhala nkumadandaula, koma a Jaw anasiya ndale nkutsegula wailesi ya UFO Radio mu 1996, pambuyo pake anadzakhala wapampando wa Broadcasting Corporation of China, wailesi yakalekale yomwe poyamba inali ya KMT, uku akuyendetsa mapulogalamu a pa TV zaka zambirimbiri.

Nde apa mpamene pali vuto langa ndi pulogalamuyi, ndipo ndi vuto lenileni osati longopeka. Mu 2021 a Jaw anabwerera mu KMT, ndipo mu November 2023 a Hou Yu-ih, omwe ankaimira KMT, anawasankha kukhala wachiwiri wawo pa chisankho cha pulezidenti cha January 2024. Anapeza 33 peresenti, a Lai Ching-te a DPP (Democratic Progressive Party ya ku Taiwan, osati yathu ino) anapambana ndi 40, a Ko Wen-je 26. Tsono taganizani, munthu yemwe anali pa kampeni akupempha mavoti motsutsana ndi a Lai ndi yemweyo akukhala pa mpando wa pakati kumafunsa ngati boma la a Lai likuyendetsa bwino dziko. Sindikunena kuti amanama ayi, koma kusankha nkhani yoti ikambidwe lero ndi yoti isiyidwe, kusankha mlendo woti ayankhule nthawi yaitali, zonsezi ndi mphamvu yaikulu kwambiri, ndipo zimapendekera ku buluu moonekeratu. Wa mbali ya DPP akabwera nthawi zambiri amakhala ngati wazunguliridwa, ayankhe uyu ayankhe uyo. Zimandipweteka chifukwa nzeru zoti nkupereka mbali zonse mofanana mkuluyu ali nazo, kungoti mtima wake uli ku chipani.

Komabe ndaphunzirapo zambiri, zoona. Nkhani ngati yowonjezera nthawi ya usilikali wokakamiza kwa anyamata kuchoka pa miyezi inayi kufika chaka chathunthu kuyambira 2024, mkangano wa magetsi a nyukiliya omwe DPP kwa zaka zambiri inkafuna kuthetsa pomwe a buluu akuti dziko la mafakitale ngati TSMC, kampani yaikulu yopanga machipi a makompyuta, silingayende choncho, komanso zogula zida ku America, pa ma TV akunja zimangodutsa mphindi ziwiri, apa amazikhalira pansi mpaka umamva chomwe munthu wamba wa ku Taichung kapena Kaohsiung akuopa. Ndipo umazindikira kuti a ku Taiwan sakuganiza chimodzimodzi onse pa nkhani ya China, ena akufuna kukambirana, ena akuti ayi tikonzekere, zimene kuno sitimamva kawirikawiri.

Chiyankhulo ndi Chimandarin chokhachokha, amene munaphunzirako kapena muli konko mulibe vuto. Enanu mudalira mawu omasulira okha aja a pansi pa vidiyo, amathandiza akamayankhula munthu mmodzi koma akayamba kulimbana atatu nthawi imodzi zimasokonekera, bwino kuyamba ndi tizidutswa tatifupitifupi tomwe amadula, tosadya bandulo. Taiwan ili patsogolo ndi maola 6, ndiye ya madzulo awo kuno imakupezani masana muli ku ntchito, ine ndimangowonera usiku.

Pa nyenyezi 5 ndikuipatsa 4. Yachisanuyo ndaisunga chifukwa cha kupendekera kuja, ndipo mukatha kuwonera iyi tsegulaninso ya ku SET News kapena Formosa TV omwe amatsamira ku girini, mbali ya DPP, mumve nkhani yomweyo mmene akuikambira iwo.